Bolodi la Tsiku Ngati Lalero

Ndinkamusambitsa mwana wanga wamkazi kuseri kwa nyumba, m'beseni, mng'ono wake ali kumsana kwanga, pamene anandifunsa.

"Amayi, paja ine ndinafa bwanji?"

Sopo anandipulumuka m'manja. Mwana wa zaka zisanu, woti ngakhale dzina lake satha kulemba bwinobwino. Ndinati mwina makutu anga ndiwo andinamiza.

"Wati chiyani iwe?"

"Ndinafa bwanji? Adadi amati pa galimoto yaing'ono. Koma ankolo ena aja anati ayi, inali basi. Zoona ndi ziti?"

Ndinamugwira pakamwa ndi dzanja la thovu lomwelo, mpaka analavula. Ndinati usadzanenenso, wamva? Zimenezo ndi zolaula. Iye anangondiyang'ana ngati ndine amene ndasokonezeka, n'kuyamba kuseweretsa madzi. Ndinamufunsa kuti ankolo ake ati, anati a ku shopu. Ndinamufunsa kuti ku shopu mumatani, anati ndi chinsinsi cha iye ndi adadi ake, akaulula sadzamuguliranso yogati.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi shopuyo.

Amuna anga amameta anthu pa boda. Kashopu kawo ndi ka malata, kali m'mbali mwa msewu pamene mathiraki amandandalika podikira mapepala. Ometa alipo ambiri pamenepo, ndiye aliyense amayenera kukhala ndi chake chokopera anthu. Wina ali ndi TV ya mpira, wina amatchaja mafoni ulere. Amuna angawo anali ndi bolodi. Bolodi lakuda ngati la kusukulu, pamwamba pake analemba ndi penti yoyera kuti TSIKU NGATI LALERO. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ankatsegula foni. Muli tsamba lina mmenemo limene limanena kuti pa deti ngati yalero kunabadwa woyimba wakutiwakuti, kunamwalira wa mafilimu a karate wakutiwakuti, gulu lakuti linatulutsa chimbale chake choyamba. Iwo n'kukopera pa bolodi ndi choko, ndipo tsiku lonse sipika inkalira nyimbo za munthu ameneyo basi.

Anthu ankazikonda, eee. Madalaivala oti akhala pa boda mpaka ndevu kumera ankabwera kudzangotsutsa. "Bodza ilo ameta, ameneyo anafa nthawi ya mvula, ine ndinamvera ndili pa ulendo!" Mkangano ukatentha, wina n'kukhala pa mpando, makina n'kuyamba kulira. Inenso sindibisa, ndinkanyadira. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6 kwathu ku Kapondo, ndiye kukhala ndi mwamuna wodziwa tsiku limene mzungu wa gitala anabadwa kutsidya kwa nyanja, ndinkaona ngati ndakwatiwa ndi wailesi.

Tsiku limene ndinachira mwana wamkaziyu, anabwera kuchipatala thukuta lili kamukamu. Sanafunse kuti ndadzuka bwanji. Anati, "Madamu, ukudziwa kuti mwanayu wabwera tsiku lanji?" N'kundionetsa foni. Pa deti yomweyo, zaka zambiri kumbuyoko ine ndikadali kamwana, kunamwalira mayi wina woyimba pa ngozi ya pamsewu. Dzina lake sindilitchula, pakamwa panga silidutsanso. Ndinaseka, amayi a pa bedi loyandikana nawonso anaseka. Dzina la ubatizo tinamupatsa lina, koma bambo akewo ankamuitana dzina la woyimbayo. Ndinkati ndi chikondi cha bambo.

Ine ndimagulitsa mandasi ndi zitumbuwa mu msika. Loweruka ndiye tsiku la anthu ambiri, ndiye mwanayo atakwana zaka zisanu amuna anga anayamba kunena kuti, "Msiye wamkuluyu ndizipita naye ku shopu, upumeko." Ndinathokoza. Ndinauza ngakhale anzanga mu msika kuti anga ndi osowa, amalera mwana.

Loweruka lotsatira funso lija, ndinasiyira beseni la mandasi mnzanga wa tomato, ndinabereka wamng'ono, ndinapita. Sindinadzere kumsewu ayi, ndinazungulira kuseri kwa mathiraki. Ndili patali ndinaona anthu atadzaza pa khomo la shopu mpaka panja: madalaivala, anyamata osintha ndalama, a kabaza, ena atakweza mafoni m'mwamba. Ndinaima kumbuyo kwa bambo wina wamtali, ndikusuzumira pansi pa mkono wake.

Mwana wanga anali ataima pa kireti ya zakumwa. Anamuveka wigi yofika m'chiuno, milomo ataipaka zofiira, diresi lonyezimira limene ine sindinalionepo, m'manja atagwira chipeso ngati maikolofoni. Sipika inkalira nyimbo ya malemu uja, iye akutsatira mawu onse, mawu a anthu akuluakulu, a chikondi cha usiku, akutyola chiuno mmene amachitira akazi a m'mabala. Azibambo a ndevu zaimvi akuimba mluzu.

Ndinakhalabe kumbuyo kwa bambo uja, ndikusuzumira.

Nyimbo itatha, amuna anga anatsitsa sipika, n'kuyamba kulankhula ndi mawu aja a pa maliro. "Abale anga, madalaivala, maejenti, nonse muli pano. Mayi ameneyu atatha kuyimba tsiku limenelo, anakwera galimoto. Anthu anamuletsa, koma iye anati ndikagone kwathu. Atafika pa kona..." Apo anamenya lata la shopu ndi chibakera. Phuu!

Mwana wanga anadzigwetsa kuchoka pa kireti. Anagona chagada pansi, manja atawongola m'mbali, maso atatseka. Pansi pomwe panali tsitsi la anthu onse amene anametedwa tsiku limenelo. Bambo ake anatenga nsalu ija amakulunga makasitomala m'khosi, anamufunditsa kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

Ena anavula zipewa. Wina anayamba kulira monamizira, "Mayo ine, mayo ine," anzake akumugunda m'nthiti kuti asawaseketse.

Kwathu tsitsi la anthu ambiri pamalo amodzi umaliona pometa maliro pokha. Kwathu mwana akangodziphimba kumutu n'kugona chowongoka posewera, amayi ake amataya chimene agwira n'kumudzutsa ndi mbama, chifukwa akuitana zinthu. Apa anali bambo ake omubereka amene anamuphimba. Ndipo mwanayo sanagwedezeke ngakhale chala. Anali ataphunzira bwino. Ndi chimenecho chinandipyoza kwambiri, kuti wakhala akuchita zimenezi kangati kuti afike podziwa kusapuma chonchi?

Amuna anga anakweza dzanja. "Koma pa tsiku ngati lomwelo, deti yomweyo, Mulungu anatibwezera!" Anasolola nsalu ija, mwana anadumpha, anthu anaphulika.

Sindikudziwa mmene ndinadutsira pakati pa anthu aja. Ndinangozindikira ndamugwira pa mkono, wigi ndaitaya pansi, ndikumupukuta milomo ndi chitenje mpaka kulira. Kumsana kwake kunali tsitsi la anthu lokhalokha, lomata ndi thukuta.

"Amayi ake a malemu afika!" anakuwa dalaivala wina. Anthu anagwa nacho chiseko.

"Alamu, mwachedwa, tapepesa kale!"

"Asiyeni, ndi anamfedwa awa!"

Ndinatuluka ndikumukoka mwanayo, wina kumsana akulira, ine osaona kumene ndikuponda.

Madzulo amuna anga anafika nkhope ili gwaa. Sanakhale pansi.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa makasitomala anga."

"Inu abambo, mwana wanu yemwe mukumufunditsa ngati mtembo?"

"Ndi sewero lija, madamu. Sewero! Kodi ku tchalitchi kwanu pa Isitala ana sachita sewero? Chaka chatha mwana wa akatekisiti sanagone pa mphasa atamukulunga nsalu yoyera? Sunawombe m'manja iwe?"

Ndinawombadi m'manja. Koma mumtima ndinkadziwa kuti si zofanana, kungoti mawu ofotokozera ndinalibe. Ndinati kutchalitchi kulibe azibambo oimbira mwana mluzu.

"Vuto lako ndi uchimidzi," anatero. "Mwana uyu ali ndi mphatso. Anthu otchuka onse amene ndimalemba pa bolodi aja anayamba chonchi, ali ana. Ukuganiza kuti deti imeneyi inangochitika? Masiku onse a m'chaka alipo, iye n'kusankha limeneli?" Kenako analoza wamng'ono, amene ankakwawa pa mkeka. "Uyunso ndinayang'ana. Deti yake ndi ya katswiri wina wa nkhonya wa kunja. Angolimba miyendo, uona."

Ndinamunyamula mwanayo pa mkeka paja ngati pali njoka.

Ndinalira, ndinagwada, ndinati ndikauza achimwene anga kumudzi. Atamva za achimwene anafewa. Anati chabwino, zatha, poti iwe sukufuna chitukuko. Loweruka lotsatira anapitadi yekha ku shopu. Ndinayamba kupuma. Koma maso sindinachotse. Ndinaona kuti madzulo akamamunyamula mwanayo ankamunong'oneza, iye n'kumaseka akundiyang'ana. Tsiku lina ndinawapeza atamuimika kukhoma, akumuyeza ndi chingwe kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumanga mfundo. Anati akufuna kumusokera diresi la tsiku lake lobadwa, poti linali pafupi. Ndinadabwa kuti diresi amayeza kuyambira pa liwombo?

Inali nthawi yozizira, anthu atakolola. Lachinayi lina mwendo wa tebulo langa la mandasi unathyoka, ndiye ndinalisenza kupita nalo kwa akalipentala kuseri kwa msika. Ndi bambo achikulire, amakhoma mipando, zitseko, ndi mabokosi a maliro omwe. Atangondiona anamwetulira.

"Oho, mayi, mwabwera kudzaona? Musagwire, penti sinaume."

"Kudzaona chiyani, bambo?"

Anachotsa thumba limene anaphimbira. Bokosi. Laling'ono, loyera, la zogwirira zonyezimira m'mbali. Pamwamba pake panali chingwe chija, ndi mfundo yake.

"Ndayesetsa," anatero akalipentala, akulisisita m'mbali. "Chivundikiro ndaika mahinjesi kuti azingokankha ndi manja n'kutuluka. Mabowo a mpweya bambo akewo anati ochepa akwana, kuti anthu asawaone, koma ine ndawonjezera kumutuku. Ndili ndi zidzukulu inenso."

Tebulo linagwa kuchoka pamutu panga, sindinamve n'kugwa komwe. Wamng'ono kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Mayi? Kodi simukudziwa? Iii, koma anandiuza kuti mwavomera. Anati mayi ake ndiwo akusoka nsalu ya m'kati."

Ndinawagwira dzanja, ine amene sindinagwirepo dzanja la bambo wachilendo chotero. Ndinati ndiuzeni zonse, chonde, ndiuzeni.

Anandikhazika pa benchi. Anati amene analipira bokosilo si amuna anga ayi, ndi bwana wina wa bala ku Chipata. Anaona mwanayo pa foni, mavidiyo aja anthu ankajambula anafika kutali. Loweruka likubwerali ndilo tsiku lokumbukira woyimba uja, ndipo bwanayo wakonza dansi yaikulu ku bala kwake. Akufuna kuti anyamata alowe atanyamula bokosi pa mapewa, alizungulitse m'bala monse, aliike pa siteji, nyimbo ikayamba mwana atuluke.

"Anabwera yekha kudzaliona," anatero akalipentala. "Munthu wa mimba yake, mafuta onunkhira. Akuti, 'Ba mudala, mupange kabokosi kabwino, ka ma selebu.' Mawa Lachisanu atumiza njinga zamoto ziwiri, ina ya bokosi, ina ya mwana. Adzera njira ya m'minda, poti mwana alibe mapepala odutsira pa geti. Akagone konko kuti akayeserere."

"Ndi bambo ake?"

Anayang'ana pansi. "Bambo ake akuti atsatira Loweruka masana. Akuti m'mawa wa tsiku limenelo sangatseke shopu, ndi tsiku lalikulu pa bolodi."

Mwana wanga wamkazi. Dziko la eni. M'nyumba ya bambo woti ine sindimudziwa n'dzina lomwe. Ndiye mawa lake amutsekere m'bokosi, anyamata oledzera alinyamule pa mapewa m'chipinda cha utsi ndi phokoso, moti ngakhale atagogoda, atakuwa kuti amayi, ndani angamve? Akalichedwetsa kutsegula? Akaligwetsa? Wina akakhalapo pamwamba mwa nthabwala? Ndipo Loweruka limenelo ndi tsiku limene ine ndinamubereka ndi ululu, ndinali nditasunga kale shuga ndi mazira kuti ndimuphikire chikondamoyo.

Akalipentala ankalankhulabe, akuti mwina akambe nawo amuna anga, iwo ngati wamkulu. Ndinati ayi, musawauze kuti ndinabwera. Tebulo lisiyeni pompo. Anagwedeza mutu, anaphimbanso bokosi lija.

Ndinaganiza zopita ku polisi. Ndinaganiza zopita kwa abusa. Koma ndinaopa kuti nkhani ikayamba kukambidwa, aitana amuna anga, amuna anga pakamwa ndi pawo, adzanena za Isitala, adzanena za mphatso, anthu adzaseka, adzati kakambiraneni kunyumba, ndipo Lachisanu lidzakwana tikukambirana. Njinga yamoto sichedwa. Kungotembenuka kukatunga madzi, mwana wapita.

Ndinathamangira ku sukulu ya mkaka kumene amapita m'mawa. Ndinawauza aphunzitsi kuti ndikupita naye ku chipatala. Ndinadzera naye kuseri kwa nyumba za anthu, chifukwa msewu waukulu umadutsa pa khomo penipeni pa shopu. Ndili m'kanjira ndinkamva sipika yawo ikulira, tsiku limenelo inali nyimbo ya chizungu, sindikudziwa kuti anabadwa kapena anafa ndani. Kunyumba ndinayala chitenje, ndinaponyamo zovala za ana, bulangete, mabuku awo a kusikelo, ndi chiwaya changa chokazingira. Zanga ndinatenga zochepa. Ndinamanga mfundo, n'kusenza.

"Amayi, tikupita kuti?"

"Kwa amalume."

"Nanga ku Zambia? Adadi anati ndikakwera njinga yamoto."

Moti ankadziwa. Mwana ankadziwa, akalipentala ankadziwa, mwina msika wonse unkadziwa, ndikuwagulitsa mandasi akundiyang'ana.

A kabaza a pa boda sindinawakwere. Onse amametetsa kwa amuna anga, ena pa ngongole, akanaimba foni ndisanafike n'patali pomwe. Tinayenda wapansi m'mbali mwa minda, katundu pamutu, wina kumsana, wina pa dzanja, mpaka tinatulukira pamsewu kutsogolo kumene kulibe otidziwa. Apo ndinaimitsa minibasi ya ku boma. Njinga yamoto iliyonse ikamatipitirira ndinkamuweramitsa mwana pa miyendo panga. Pa boma tinakwera matola ya anthu ogula soya yolowera kwathu. Foni ndinaithimitsa.

Tinafika dzuwa litapendeka. Achimwene anga aakulu, amene ndiwo mwini mbumba chimwalirireni amalume athu, tinawapeza pabwalo akuthothola mtedza ndi alamu. Ataona katundu pamutu anadziwa kuti si ulendo wocheza. Ndinawafotokozera ndili chiimire, mawu akuthamangitsana, za wigi, za tsitsi, za nsalu. Ankangomvera. Nditafika pa bokosi anasiya mtedza.

"Bokosi?"

"Eya, achimwene."

"Bokosi la maliro?"

"Loyera. La zogwirira."

"La mwana uyu? Ali moyo chonchi?"

Alamu anagwira kumutu, n'kumukokera mwanayo pa chifuwa. Kenako achimwene anati, "Mlongo wanga, munthu ameneyu abwera mawa. Bwana uja walipira kale, samusiya."

Ndinadziwanso chomwecho. Choncho Lachisanu m'mamawa, mame asanaume, ndinatenga ana onse awiri, mbatata yophika ndi botolo la madzi, ndinatsikira ku dambo, ku dimba la achimwene. Kuli nzimbe zowirira kumeneko. Ndinayala chitenje pakati pa nzimbe, tinakhala. Wamkuluyo ndinamusendera nzimbe mpaka zala kutupa kuti asatope n'kuyamba kuyimba. Masana ndinamva njinga zamoto kumudzi, ziwiri. Ndinamuyamwitsa wamng'ono ngakhale sankafuna, kuti asalire. Mawu a amuna anga ankamveka mpaka ku dambo, akuitana mwanayo ndi dzina la malemu lija. Mwana anadzuka kuti ayankhe. Ndinamukumbatira, nkhope yake ndinaikanikiza pamimba panga, ndikumunong'oneza dzina lake lenileni mobwerezabwereza mpaka njinga zija zinalira n'kuzimirira.

Alamu ndiwo anabwera kudzatitenga. Anati achimwene anawauza amuna anga kuti ana awa ndi a mbumba ino, ngati ali ndi mawu abwere ndi ankhoswe awo, osati ndi anyamata a njinga. Akuti amuna anga analumbira kuti adzamutenga ndithu, mwana ndi wawonso, ndipo deti imabwera chaka chilichonse.

Mawu amenewo ndi amene anandipangitsa kuti ndisabwerere. Ankhoswe anakumana pambuyo pake, anakamba, amuna anga anapepesa ndi pakamwa, koma nditafunsa kuti bokosi lili kuti, anati lili ku shopu, n'lodula, sangalitaye. Ndinati basi, ine ndikhala konkuno.

Sukulu zitatsegulira ndinakamulembetsa mwanayo Sitandade 1 pa sukulu ya kwathu, ndi dzina lake la ubatizo. Ndinapita kwa aphunzitsi ake ndi kwa ahedi, ndinawauza pamaso kuti mwana uyu asamutenge munthu wina aliyense, kaya anene kuti ndi bambo ake, kaya abwere ndi yogati, koma ine kapena amalume ake. Anavomera. Koma aphunzitsi ndi mmodzi, ana ndi ambirimbiri, ndipo msewu wa njinga zamoto umadutsa kuseri kwa kalasi.

Ndiye ndinapempha malo pansi pa mtengo wa mango umene uli pa bwalo la sukulu, moyang'anana ndi chitseko cha Sitandade 1. Ndinaika mafuwa, ndinatereka chiwaya changa. Ndimakazinga zitumbuwa pamenepo kuyambira belu loyamba mpaka ana aweruke, wamng'ono nditamumangirira kumsana ngakhale tsopano akuyenda, nkhope yanga ili ku chitseko.